Chitsamba cha maluwa a pepo chochokera ku Zomba: momwe chikukulira kuno ku Mangochi

28 Disembala 2023

Nthambi zafika dzulo madzulo pa minibasi, zitakulungidwa m'nyuzipepala yonyowa. Azakhali ku Zomba adazithyola pa chitsamba chomwe chili kuseri kwa khitchini yawo, chotalika kuposa munthu, chimene chimachita maluwa aakulu a pepo kwa miyezi yambiri pachaka. Dzina lake sakulidziwa. Nditawafunsa pafoni adangoti, "Mwanawe, ine ndidachipeza chili pomwepo tikulowa m'nyumba muno. Iwe kabzale basi." Choncho ntchito ilipo pawiri: kuchikulitsa kumalo otentha kuno, ndi kudziwa kuti n'chomera chanji, chifukwa osadziwa kwawo kwa chomera sungadziwenso zimene chimafuna.

Nthambizo ndaziduladula kutalika masentimita 12 mpaka 15, chidutswa chilichonse chikhale ndi mfundo ziwiri kapena zitatu, ndipo podula pake ndi pansi penipeni pa mfundo. Masamba a m'munsi ndachotsa, a pamwamba ndawadula pakati kuti asamataye madzi ambiri. M'machubu ndathiramo mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino, wosakaniza ndi masamba owolerana. Machubuwo ali pansi pa mtengo wa mango, ndapinda bango pamwamba pake n'kuyalapo pepala la pulasitiki loonekera mkati.

11 Januwale 2024

Zidutswa za kunsonga, zanthete zija, zada kuyambira pansi ndipo zawola. Zomwe zidali zitayamba kukhwima zikadali zobiriwira. M'pulasitikimo mukutentha kwambiri masana, ndiye tsopano ndikumatsegula mbali zonse ziwiri dzuwa likangokwera n'kutsekanso madzulo.

27 Januwale 2024

Mizu yagwira. Ndikakoka pang'ono chidutswa chikukana, ndipo pa mfundo za pamwamba patuluka timasamba tatsopano.

Amayi a nyumba yoyandikana nafe, omwe ali ndi mbuzi, adaima pampanda n'kuyang'anitsitsa machubuwo. "Achimwene, si lantana uyu? Mutiphera ziweto." Nkhawa yawo ndi yomveka. Lantana ali ndi poizoni amene amawononga chiwindi cha ng'ombe ndi ziweto zina, komanso akalowa pamalo savuta kufalikira, mbalame zimamwaza nthangala zake paliponse. Ndipo kwa munthu wongoyang'ana patali zikufananadi: masamba amakhala awiriawiri moyang'anizana, ali ndi cheya, tsinde laling'ono lili ndi ngodya zinayi.

Tidakhala pansi n'kuyerekeza, mwana wawo atakathyola nthambi ya lantana kumsewu. Tsamba la lantana ndi lokhakhala, m'mbali mwake muli manomano, ukalifikisa limatulutsa fungo lamphamvu, ndipo tsinde nthawi zambiri limakhala ndi timinga. Tsamba la chitsamba changa ndi lofewa ngati khutu la kamwana ka mbuzi, m'mbali mulibe mano ooneka, fungo palibe, minga palibe. Koma chachikulu ndi mitsempha. Lantana ali ndi mtsempha umodzi pakati, ina n'kumachoka pamenepo kupita m'mbali. Changachi chili ndi mitsempha isanu yochokera patsinde pa tsamba, yoyenda mokhota mpaka kukakumana kunsonga, ndipo pakati pake pali timitsempha topingasa. Kayalidwe kameneka ndi chizindikiro cha banja la zomera lotchedwa Melastomataceae. Amayiwo adakhutira, ngakhale adati mbuzi zawo zikadzadya n'kudwala adzandipeza.

Pamenepa mayina ena awiri omwe anthu adanditchulira agwa okha. Duranta, yemwe wadzaza m'mipanda ya maofesi ndi masukulu, masamba ake ndi aang'ono, osalala, maluwa ake ndi ang'onoang'ono olendewera, otsatana ndi zipatso zachikasu. Brunfelsia, yemwe pulogalamu ina ya pafoni idandiuza nditajambula kambande kopanda duwa, masamba ake sakhala moyang'anizana ndipo alibe cheya chotere.

18 Febuluwale 2024

Mvula yadula. Chimanga m'minda chikupiringizika masamba, ndipo kulankhula za maluwa nthawi ngati ino kumachititsa manyazi pang'ono, koma zolemba ndi zolemba.

Madzi a mvula omwe ndidasunga m'ndowa atha, ndiye kwa kanthawi mbande zakhala zikumwa a pamjigo. Madzi a mjigo wathu aliyense amawadziwa: amamveka kamchere pakamwa, sopo sachita thovu msanga, ndipo m'ketulo mumatsala zoyera. Mbande zayankha mwachangu. Masamba atsopano akutuluka achikasu, mitsempha yokha ndiyo yobiriwira, pamene akale m'mbali mwauma mofiirira.

Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuuma kwa m'mbali ndi mchere. Chikasu cha masamba a kunsonga ndi kusowa kwa ayironi, osati chifukwa m'dothi mulibe, koma dothi likachuluka laimu ayironi amamangika, mizu n'kulephera kumutenga. Kukadakhala kusowa kwa nayitirojeni, chikasu chikadayambira masamba akale a m'munsi, tsamba lonse pamodzi ndi mitsempha yomwe. Ndikulemba izi chifukwa malangizo oyamba omwe munthu amalandira masamba akachita chikasu ndi akuti "thirani feteleza", ndipo feteleza wa CAN, yemwe ambiri amakhala naye m'nyumba, ali ndi laimu mkati mwake. Kumuthira apa n'kuwonjezera vuto.

Ndidayesanso dothi la pabwalo. Ndidatapa louma m'mbale n'kudonthezera viniga: lidachita thovu pang'ono, kusonyeza laimu. La pachulu, lomwe wina adati ndi lachonde, lidachita thovu kwambiri. Zomera za m'banja ili zimakonda dothi la asidi pang'ono, pH ya pakati pa 5.5 ndi 6.5 (pH ndi muyeso wa asidi m'dothi: nambala ikakwera, asidi amachepa). Ku Zomba mvula ndi yambiri, imatsuka laimu m'nthaka, n'chifukwa chake cha azakhali chimangokula popanda wochisamala.

Phulusa nalonso ndaliletsa. Kuno timazolowera kuwaza phulusa kuzungulira mbande pothamangitsa chiswe, ndipo mwana wa m'nyumba muno adali atayamba kale kutero ndi mtima wabwino. Phulusa limakweza pH. Pa chitsamba ichi ayi.

Madzi tsopano akuchokera ku Shire, wa njinga akumabweretsa m'zigubu. Alibe mchere ngati a mjigo. Ana sindiwatuma kumeneko, ng'ona za mu Shire si nthano. Mu kheni ya malita 10 ndikumathiramo supuni imodzi ya viniga.

9 Malichi 2024

Masamba omwe adachita chikasu sadabwerere, koma amene atuluka pambuyo pake ndi obiriwira bwino.

Banja ladziwika, koma m'banjamo muli mitundu yoposa 5,000. Iwiri ndiyo ikundizunguza. Woyamba ndi Tibouchina, chitsamba cha ku Brazil chimene chidafalikira m'minda ya maluwa m'maiko otentha. Wachiwiri ndi Dissotis, wa konkuno ku Africa, yemwe amamera yekha m'malo a chinyontho m'mapiri ndi m'madambo, naye wa maluwa a pepo. Poti nthambi zidachokera ku Zomba, n'zotheka kuti amene adakhala m'nyumbamo kale adangozula kuphiri n'kudzabzala. Dissotis princeps kawirikawiri masamba ake amakhala atatuatatu pa mfundo imodzi, ndipo pa mbande zanga zonse ndi awiriawiri. Zikupendekera ku Tibouchina, koma mlanduwu adzagamula ndi duwa.

Ndawokera lero, mogawa pawiri kuti ndione kusiyana. Zina zapita pansi, kum'mawa kwa nyumba, kumene dzuwa limafika mpaka cha m'ma 11 koloko basi. Dzenje ndakumba lotakata kuposa kuya, dothi la pamalopo ndachotsa, m'malo mwake ndathira katondo yemwe mlamu wanga adabwera naye m'matumba kuchokera ku Namwera, wosakaniza ndi masamba owola. Zina zalowa m'migolo yodula pakati, yobowola pansi, momwemonso katondo ndi masamba owola, ndi mchenga pang'ono kuti madzi asamadikhe. Katondoyo nditamudonthezera viniga sadachite thovu. Pamwamba ndaphimbira ndi masamba ouma a paini omwe azakhali adatumiza. Manyowa a nkhuku sindidathire, ndi aukali kwa mizu yanthete chotere.

21 Epulo 2024

Chaka chodabwitsa. Kuno kummwera mvula idavuta mpaka boma kulengeza za ngozi ya chilala mwezi watha, koma nyanja yakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete mwake. Madziwo ndi a mvula ya kumpoto ndi ku Tanzania, imene imatsikira m'nyanja. Kwathu kuno sadafike, tili patali ndi gombe.

Zitsamba zafika m'mawondo. Chikangosiyidwa, chomerachi chimathamangira kumwamba ndi tsinde limodzi lowonda, masamba kunsonga kokha. Ndiye ndatsina nsonga zonse pamwamba pa mfundo yachinayi. Pamene watsina pamatuluka nthambi ziwiri. Zimachedwetsa maluwa, koma chitsamba chimadzadzana.

Chinthu china chaoneka: tsamba lakale likatsala pang'ono kugwa limasanduka lofiira ngati lalanje lakupsa kwambiri, limodzilimodzi, osati onse pamodzi. Ndidafunsa azakhali, akuti chawonso chimatero chaka chonse. Si matenda.

16 Juni 2024

Mwera wawomba sabata yonse, asodzi ambiri sadalowe m'madzi. Nthambi za chitsambachi ndi zosachedwa kuthyoka, ndipo chimodzi cha pansi chang'ambika pamphanda. Ndadula pong'ambikapo ndi mpeni wakuthwa, zotsalazo ndazimangirira ku nsungwi ndi nsanza, osati waya. Migolo ndaikokera pafupi ndi khoma.

Mbuzi za aneba zidalowa, zidalawa nsonga zingapo n'kupita ku chigwada. Zili bwinobwino. Mpanda wa bango ndaukonza.

14 Julayi 2024

Kunsonga kwa nthambi za m'migolo kwatupa timitu tofiira, taubweya, tokutidwa ndi timasamba tofiirira. Za pansi zikadalibe.

23 Julayi 2024

Duwa loyamba latumbula m'mawa uno, ndipo ndalipima ndi rula: masentimita 8 kupingasa. Lili ndi timasamba tisanu totakata, pepo wake wakuda bwino, wowala pang'ono dzuwa likamenya. Pakati palibe banga loyera. Timiyendo tonyamula mungu tilipo 10, tisanu tatitali ndi tisanu tatifupi, tonse topindika ngati ndowe, ndipo chimene ndimadikira chija ndi ichi: timatumba ta mungu tonse ndi ta pepo. Pa mitundu yambiri ya Dissotis, timatumba ta timiyendo tatifupi timakhala tachikasu choonekera patali. Apa chikasu chotero palibe.

Ndiye ndi Tibouchina. Wa mtundu uti? Alipo wina, Tibouchina heteromalla, wa masamba aakulu kuposa chikhatho, otuwira, amene maluwa ake ndi ang'onoang'ono ambiri pa phesi loimirira, oyera pakati. Alipo Tibouchina granulosa, amene amakula kukhala mtengo ndithu, masamba ake aatali okhakhala. Changachi masamba ake ndi a masentimita 6 mpaka 10, ofewa, m'mbali mwake kamzere kofiira, maluwa aakulu ochepa kunsonga kwa nthambi. Zonsezi zikugwirizana ndi Tibouchina urvilleana, wa kummwera kwa Brazil, yemwe adapatsidwa dzina pokumbukira Jules Dumont d'Urville, woyenda panyanja wa ku France. Akatswiri a zomera adausamutsa mtunduwu mu 2019, moti m'mabuku atsopano mukaupeza pa dzina la Pleroma urvilleanum. Ofufuza pa intaneti ayese mayina onse awiri, ndipo m'mabuku akale a zamaluwa chomera chomwechi chidalembedwa nthawi zambiri kuti Tibouchina semidecandra.

Kanthambi kamodzi ka duwa ndi masamba ndakapanikiza pakati pa nyuzipepala, pamwamba ndasanjikapo njerwa. Ndalemba tsiku, malo, ndi mtundu wa duwa, poti likauma pepoyo amazilala. Ndikadzapita ku Zomba ndidzakaonetsa ku National Herbarium and Botanic Gardens, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1987 ndipo limasunga zomera zouma zoyerekezera. Chithunzi cha pafoni sichionetsa cheya cha pansi pa duwa, pamene akatswiri amayang'ana posiyanitsa mitundu yofanana.

4 Ogasiti 2024

Duwa limodzi silikhalitsa. Latumbula lero, mawa kapena mkuja timasamba tayoyoka, koma lina limakhala litatsegula kale pambali pake. Othyola maluwa oika m'botolo patebulo asavutike nacho.

Njuchi wamba zikumabwera, kuzungulira, n'kuchoka. Amene akukhalitsa ndi bemberezi, yemwe timadana naye chifukwa chobowola mitengo ya denga. Akatera amakumbatira timiyendo tija n'kulira mwamphamvu osauluka. Chifukwa chake n'chakuti timatumba ta mungu ta zomera za banja ili siting'ambika m'mbali ngati ta maluwa ena. Tili ndi kabowo kunsonga, ndipo mungu umatuluka pokhapokha kachilombo katatigwedeza ndi kunjenjemera kwa thupi lake. Njuchi ya uchi siitha zimenezo. Maluwawa alibenso timadzi totsekemera, malipiro a bemberezi ndi mungu womwewo.

Aneba aja adabwera kudzaona. "Koma achimwene, chimenechi mundidulireko." Ndawauza kuti adikire mvula.

20 Okutobala 2024

Mwezi uno ndiwo mayeso enieni. Mangochi ali pansi, mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Zomba ili cha m'ma 900. Masana kutentha kukupitirira madigiri 35 ndipo mphepo yake ndi youma. Maluwa asiya. Timitu tomwe tidatupa kumapeto kwa Sepitembala tagwa tisadatumbule. Pofika 1 koloko masamba amakhala atalendewera ngakhale dothi lili lonyowa, madzulo n'kudzukanso. Poyamba munthu umafuna kuthiranso madzi, koma ndikumayamba ndapisa chala m'dothi. Ngati muli chinyontho ndikumasiya, chifukwa mizu yake imawola ikakhala m'matope otentha.

Migolo yachitsulo imatentha mpaka osagwirika. Ndaikulunga ndi mphasa zakutha ndipo ndaisamutsira pansi pa msangu womwe uli kumalire. Mtengo umenewu ndi wosiyana ndi inzake: umayoyola masamba nthawi ya mvula, n'kukhala ndi masamba chilimwe, ndiye mthunzi wake ulipo nthawi yomwe ukufunika, wopyapyala wolowetsa kuwala. Vuto lake ndi nyemba zake, zomwe mbuzi zimazikonda kwambiri moti zikumazungulira mpanda tsiku lonse.

Kuseri kwa masamba ena kwabwera akangaude ofiira, aang'ono ovuta kuwaona, omwe amavutanso pa tomato nyengo ino. Tsamba limachita timadontho totuwa. Ndikumatsuka kuseri kwa masamba ndi madzi m'mamawa, ndipo kamodzi pa sabata ndikumapopera madzi a masamba a nimu osinja. Sopo ndidayesa pa tsamba limodzi kaye, lidapsa, ndiye pa masamba aubweyawa sindimugwiritsa ntchito.

Kusiyana kwa magulu awiri aja tsopano kukuoneka. Za m'migolo zafooka ndi kutentha koma ndi zobiriwira. Za pansi zayambanso chikasu cha kunsonga. Mizu yatuluka m'katondo wa ku Namwera uja n'kulowa m'dothi la pabwalo, ndiponso laimu wa m'mbali amalowerera m'dzenjemo pothirira. Mankhwala a ayironi opopera sindidawapeze m'masitolo a zaulimi pa boma pano. Ndathira pang'ono feteleza wa salufeti wa amoniya, kasupuni kamodzi kosungunula mu kheni, poti ameneyu amatsitsa pH pang'onopang'ono.

15 Disembala 2024

Mvula yagwa, ndipo m'masiku ochepa nsonga zonse zaphuka. Ndathenera zitsamba zonse, kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi iliyonse, ndi zouma zonse. Ndaikanso mgolo wina pansi pa malata kuti chaka chino madzi a mvula akhale ochuluka.

Aneba ndawadulira nthambi zawo, ndi mawu awiri: mu chidebe, osati pansi, ndipo madzi a mjigo ayi. Mlamu wanga watenganso zina kupita nazo ku Namwera. Iyeyo ndamuchenjeza zina. Ku Hawaii chomera chomwechi chidathawa m'minda n'kudzaza nkhalango za mvula yambiri, mpaka boma la kumeneko lidachiika pa mndandanda wa zomera zowononga. Nthambi yake ikagona pa dothi lonyowa imamera mizu. Kuno kutentha ndi laimu zikuchiletsa, koma kumtunda kozizira zodulidwa zake asamatayire m'khwawa, aziumitsa n'kutentha.

19 Januwale 2025

Wofuna mpanda wa maluwa a pepo kuno kuchigwa abzale bougainvillea, amene dzuwa la Okutobala ndi madzi a mjigo sizimuopsa. Tibouchina kuno ndi wa pakhonde la kum'mawa, m'chidebe, kwa munthu amene ali ndi posungira madzi a mvula. Maluwa ake pano ndikuwayembekezera nyengo yozizira, osati miyezi yambiri ngati ku Zomba.

Za m'migolo zafika m'chiuno ndipo mizu yayamba kutulukira m'mabowo a pansi. Za pansi zabiriwirako ndi mvulayi, koma zatsalira kutali, ndipo chimodzi chiswe chadya khungwa patsinde pomwe masamba ophimbira adagundana ndi mtengo. Ndawakankhira kutali ndi tsinde masentimita 10. Za pansizi ndizikumba mwezi uno dothi likadali lofewa, zilowe m'migolo nazonso. Katondo wina ndaitanitsa kale, matumba abwera Loweruka pa lole ya makala yochokera ku Namwera.